ZOLEMBERA ZA OPEKA NKHANI, KUYAMBIRA PA NTHONDO

Ife a kuno ku Nathenje, tikatsata mseu wa ku Dedza kufikira pa Kamphata ndi kupatuka pamenepo, tifika patsinde pa phiri la Nkhoma, pamene amishoni anamanga m'caka ca 1896. Kumeneko kunali mphunzitsi, dzina lace Samuel Josia Nthara, amene anapeka mbiri ya munthu wochedwa Nthondo, kuyambira kubadwa kwace kufikira imfa yace. Nkhaniyo inapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London losamalira zinenero za mu Africa, nisindikizidwa m'caka ca 1933. Ndipo caka cotsatira T. Cullen Young anaitembenuza m'Cingerezi, naicha Man of Africa.

Masiku amenewo wolemba analibe zambiri zoti asankhe. Mwana anayamba pa sileti. Mphunzitsi anali ndi kope, ndi colembera coviika m'botolo la inki. Akalakwa anadula mzere, kapena kulembanso tsamba lonse pa kuwala kwa nyali. Zolembazo zikafika ku nyumba yosindikizira, amisiri anatola zilembo za ntobvu cimodzi cimodzi, nazindandalika mau ndi mau kufikira tsamba litadzala. Inali nchito yocedwa ndi yolemetsa maso. Koma tikumbukire ici, kuti mau onse anapyola m'manja mwa anthu akumva cinenero cathu. Ngakhale kalembedwe kanasinthidwa ndi anthu okhala pansi kukambirana: cinenero cinachedwa Chichewa m'caka ca 1968, ndipo malamulo a 1973 alemba ch pamene Buku Lopatulika la makolo athu, ndi tsamba linonso, lilemba c.

Tsono lero mnyamata wa ku Mitundu wofuna kutsata mapazi a Nthara ali ndi zosankha zocuruka, pakuti alembera pa kompyuta kapena pa foni, ndipo ayenera kusankha pulogalamu yolembera. Microsoft Word, imene inaoneka m'caka ca 1983, ndiyo idziwika m'maofesi onse, koma njogula. LibreOffice icita nchito yomweyo kwaulere, ndipo siifuna intaneti. Google Docs isunga zolembazo kutali, pa makina a eni ace, kotero kuti foni ikagwa m'madzi nkhani siitayika. Koma ikula mtengo kwa iye amene agula intaneti ya tsiku limodzi limodzi. Scrivener, ya m'caka ca 2007, inapangidwira olemba mabuku atali: igawa buku m'mitu, nisunga padera maina a anthu a m'nkhanimo. Njokoma ndithu, koma nayonso njogula, ndipo kuiphunzira kudya masiku amene munthu akadalemba nao mitu iwiri.

Cimene citibvuta ife koposa mtengo ndi ici. Makina awa anaphunzitsidwa Cingerezi poyamba, ndipo ayesa mau athu zolakwa. Munthu akalemba ndime ya Cicewa coyera, aona mizere yofiira pansi pa mau onse, monga kope la mwana wolephera mayeso. Coipa coposa, foni isintha mau mwa iyo yokha, osafunsa, niika liu la Cingerezi lofanana nalo pang'ono. Wolemba kalata ya ku ofesi angapirire zimenezo. Wopeka nkhani sangathe, pakuti cuma cace ciri m'mau amene buku la matanthauzo siliwadziwa: kuti munthu anagwa khu, anakhala duu, anaturuka m'nyumba nyomi. Nkhalamba ya m'nkhani iyenera kulankhula monga nkhalamba za kwa Cadza zilankhulira, si monga makina afunira ai. Ndipo dandaulo ili siliri la ife tokha. George R. R. Martin, wolemba wochuka wa ku America, ananena m'caka ca 2014 kuti alembabe ndi pulogalamu yakalekale yochedwa WordStar, cifukwa siimkonzera mau amene iye sanaipemphe.

Cifukwa cace tikuti kwa ana athu, musanayambe kulemba, funani pamene azimitsira cokonza mau cija, nimucizime. Pulogalamu yokana kuzimitsidwa muisiye. Muyesenso ngati igwira nchito magetsi atazima ndi intaneti itatha, popeza kuno kwathu zimenezo siziri zacilendo.

Catsala cimodzi, ndico kusunga. Nthondo wakhala pa pepala zaka zoposa 90, ndipo amene ampeza amwerenga wopanda kupempha cilolezo kwa munthu. Koma zolembedwa m'mapulogalamu ena amene anatha kale zibvuta kutsegula lero. Potero nkhani yanu muisunge m'maonekedwe amene mapulogalamu ambiri awatsegula, monga docx kapena odt, ndi pa malo awiri. Ndipo mutu uli wonse ukatha, pitani nao kwa osindikiza mapepala pa msika wa Mitundu kapena pa Nathenje pano, muuike m'bokosi losafikako ciswe.