Tarot ali ndi malamulo, oracle ali ndi mwini

M'masitolo a mabuku ku London kapena ku Johannesburg, makhadi a tarot ndi a oracle amakhala pashelefu imodzi, ndipo ogula ambiri amayesa kuti ndi amodzimodzi. Onse ali ndi zithunzi, onse amaombezera. Koma amene amawadziwa bwino akati tarot amanena makhadi oyenda m'ndondomeko yokhazikika, ndipo akati oracle ndiye kuti wowapanga anachita kufuna kwake.

Tarot amakhala makhadi 78. Mwa amenewa, 22 amatchedwa Major Arcana, ndipo ndiwo otchuka aja: Chitsiru pa nambala 0, Imfa pa 13, Nsanja yowombedwa ndi mphenzi pa 16. Otsala 56 ndi Minor Arcana, ogawidwa panayi: ndodo, zikho, malupanga ndi ndalama. Gulu lililonse limayambira pa 1 kukafika pa 10, kenako pamabwera mnyamata wotumikira, msilikali wapakavalo, mfumukazi ndi mfumu. Aliyense amene anagwirapo makhadi 52 a njuga aona msanga kuti pali chibale. Ojambula angasinthe nkhope ndi zovala, angaike amphaka m'malo mwa anthu, koma nambala 13 ikhalabe Imfa. Zili ngati bawo: thabwa lingakhale lamtundu wanji, maenje ndi 32, ndipo mlendo wodziwa kusewera amangokhala pansi n'kuyamba kutakata.

Chibale ndi njuga chija si changozi. Tarot anayamba ngati masewera kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ngati Milan ndi Ferrara, kumene mabanja olemera, monga a Visconti ndi Sforza a ku Milan, ankajambulitsa awoawo. Ku France amawasewerabe mpaka lero, popanda za mizimu. Kuombeza kunabwera mochedwa. Mu 1781, Antoine Court de Gébelin analemba kuti makhadiwa anabisa nzeru za ansembe a ku Egypt. Anali wolimba mtima bamboyu, pakuti nthawi imeneyo panalibe amene ankatha kuwerenga zolemba zakale za ku Egypt. Champollion anadzazitulukira mu 1822. Koma bodza la Court de Gébelin lija linakoma, ndipo likuyendabe. Makhadi omwe ambiri amagula lero anatuluka ku London mu 1909: Arthur Edward Waite ndiye anatsogolera, Pamela Colman Smith n'kujambula. Mayiyu anaika chithunzi cha zochitika ngakhale pa makhadi ang'onoang'ono, n'chifukwa chake ophunzira amawakonda.

Waite anasinthanitsa makhadi awiri, Mphamvu n'kuiika pa 8, Chilungamo pa 11, mosiyana ndi makhadi akale a Marseille. Anthu a tarot amatsutsanabe pa nkhaniyi, ndipo kwa ine mkanganowu ndi umene ukuonetsa kusiyana kwenikweni. Amakangana chifukwa pali muyezo woti aliyense n'kulozapo. Woombeza akayala makhadi khumi m'kayalidwe kotchedwa Celtic Cross, malo aliwonse ali ndi ntchito yake, khadi likatuluka chadodolido tanthauzo limasintha, ndipo mnzake wodziwa angathe kumuuza kuti apa mwaphonya.

Pa oracle palibe wouza mnzake zimenezo. Makhadi angakhale 30, 44 kapena 60. Angakhale a angelo, a nyama, a mwezi. Nthawi zambiri pa khadi pamalembedwa mawu achilimbikitso, ndipo tanthauzo lake lili m'kabuku kamene wopangayo analemba. Ukagula ena, umayambanso kuphunzira. N'chifukwa chake amakhala ofatsa: wogulitsa safuna kuopseza kasitomala ndi Nsanja yogumuka. Doreen Virtue wa ku America anatchuka kwambiri ndi makhadi a angelo, koma mu 2017 analowa Chikhristu n'kuyamba kuwakana, ndipo omutsatira anatsala ndi makhadi amene mwini wake sakuwafunanso. Wojambula tarot atachita zomwezo, Imfa ndi Nsanja sizingagwedezeke, pakuti si zake.

Pali makhadi ena osokoneza malire amenewa. A Lenormand amaikidwa m'gulu la oracle, komabe nthawi zambiri amakhala 36, ndipo matanthauzo ake ndi okhazikika. Dzinalo ndi la Marie Anne Lenormand, woombeza wa ku Paris amene anamwalira mu 1843, ngakhale kuti makhadiwo anachokera ku masewera ena a ku Nuremberg ndipo anapatsidwa dzina lake iye atapita kale.

Musaganize kuti malamulo a tarot ndi umboni woti amaona za mawa. Khadi limatuluka chifukwa cha mmene dzanja lasakanizira, kaya ndi tarot kaya ndi oracle. Koma wina akakuuzani kuti akuombeza ndi tarot, muwerengereni makhadi: akapanda kukwana 78 ndi magulu anayi aja, akugwiritsa ntchito zina.