Manda a ku Săpânța, kumene akufa amadzifotokoza okha

Kumpoto kwa dziko la Romania, m'chigawo cha Maramureș, kufupi ndi mtsinje wa Tisza umene uli malire ndi Ukraine, kuli mudzi wotchedwa Săpânța. Manda a mudziwu ali ndi mitanda yamatabwa yoposa 800, yopakidwa utoto wabuluu wowala, ndipo pafupifupi uliwonse uli ndi chithunzi chosema cha malemu komanso kandakatulo kofotokoza moyo wake. Alendo amawadziwa ndi dzina loti Manda Achimwemwe, ndipo ambiri amapitako kukafuna zoseketsa. Koma amene anayambitsa mwambowu sanali wanthabwala. Chimene anachita n'kukana kunamizira akufa, ndipo kuseka kumabwera chifukwa moyo wa munthu wamba ukanenedwa mosabisa, sulephera kukhala ndi poseketsa.

Mmisiriyo anali Stan Ioan Pătraș, mbadwa ya mudzi womwewo, amene anabadwa mu 1908 n'kumwalira mu 1977. Ntchito yake inali yosema matabwa m'dera lotchuka ndi zipata zamitengo zokongoletsedwa. Cha mu 1935 anayamba kulemba timizere pa mitanda imene ankasema kuchokera ku mtengo wolimba wa oak. Pamwamba ankasemapo malemu ali pa ntchito imene mudzi unkamudziwa nayo: mayi akupota ubweya kapena akuomba nsalu, mbusa ali pakati pa nkhosa zake, mlimi akusenga udzu, chidakwa botolo lili kukamwa. Ngati imfa inali yangozi, ankasema ngoziyo mmene inachitikira. Pansi pake ankalemba m'chilankhulo cha m'mudzimo, osati cha m'mabuku, ndipo nthawi zambiri wolankhula amakhala wakufayo. Amatchula dzina lake, ntchito yake, chimene ankakonda ndi chimene chinamutenga. Apa ndiye pagona luso lonse. Munthu wina akanena kuti uje anali chidakwa, kumeneko n'kunyoza. Koma mwini wake akavomera ali m'manda kuti țuică, kachasu wa kumeneko, ndiye anamugwetsa, wowerenga amaseka uku akumumvera chifundo, chifukwa wakufayo walankhula ngati mnansi amene wasiya kudzitchinjiriza.

Wowerenga amene anakulira kumene kumanda salowako chisawawa angafunse ngati kumeneku si kuchotsera ulemu akufa. Funsoli n'lomveka, ndipo pali mtanda umodzi umene umalipatsa mphamvu. Ndi wa mayi wina, ndipo wolankhulapo si malemu koma mkamwini wake, amene akupempha odutsa kuti asawadzutse apongozi akewo poopa kuti angabwerere kunyumba n'kuyambanso kumulongolola. Pamenepo wakufa alibe mpata woyankha, ndipo ine ndikuona kuti mtanda umenewu, ngakhale ndi wotchuka kuposa yonse, wapatuka pa njira imene imapatsa mandawa ulemu wake. Koma kuweruza mitanda mazanamazana ndi umodzi wokha n'kulakwa. M'manda omwewo muli mtanda wa kamtsikana ka zaka 3 kamene kanagundidwa ndi takisi yochokera kumzinda wa Sibiu. Mawu ake ndi temberero kwa galimotoyo, ndipo mwanayo akufunsa chifukwa chake m'dziko lalikulu chonchi inasankha kudzamugunda pafupi ndi nyumba ya makolo ake. Palibe amene angaseke pamenepo. Mwambo womwewo umene umalola chidakwa kuvomera mowa wake ndi umene walola mwana uyu kukwiya, ndipo chiliza cholembedwa dzina, zaka ndi mawu ofunira malemu mtendere basi chikanabisa mkwiyo wa banjalo ngati kuti kulibe. Tisaiwalenso kuti maliro a m'mudziwu amayenda monga a Akhristu ena a m'deralo: wansembe amapemphera, abale amalira, ndipo tchalitchi chili pakati pa mandawo. Mtanda wolembedwawo suchotsa misozi imeneyi.

Ena amafuna kuupatsa mwambowu mizu yakale kwambiri. Amati unachokera kwa a Dacia, anthu amene ankakhala m'dzikoli Aroma asanaligonjetse, ndipo amakumbutsa kuti Herodotus, wolemba mbiri wakale wa ku Greece, analemba za a Getae, abale a anthu a Dacia, kuti ankakhulupirira kuti safa koma amapita kwa mulungu wawo Zalmoxis. Nkhaniyi imakoma kuuza alendo, koma pakati pa Herodotus ndi 1935 pali zaka zoposa 2,000, ndipo midzi yoyandikana nayo, ya makolo omwewo, sinatchuke ndi manda otere. Kukankhira zonse kwa makolo akale n'kumulanda Pătraș zake. Chimene chikufotokoza bwino n'chapafupi: mmisiri mmodzi waluso, wokhala m'mudzi umene aliyense amadziwa za mnzake. Pamalo otere bodza la pamtanda silingakhalitse. Ukalemba kuti munthu anali wodziletsa pamene mudzi wonse unkamuona akudzandira pochokera kumowa, wanyozetsa mtandawo ndi banja lomwe. Abale ankabwera kudzapempha mtanda n'kufotokoza za malemu, koma mawu ankasankha ndi mmisiri, amene nayenso ankamudziwa munthuyo kuyambira kale.

Kutsutsa kolemera kwenikweni n'kwa ndalama. Masiku ano mabasi a alendo amaima pachipata, anthu amalipira polowa, ndipo panja amagulitsa timitanda tonyamula m'manja. Choopsa n'choti wosema angayambe kulembera mlendo wofuna kuseka m'malo molembera mudzi, ndipo zikatero nthabwala idzakhala yochita kufunafuna, choonadi n'kutsalira m'mbuyo. Chimene chateteza mandawa n'choti akadali manda enieni. Anthu a ku Săpânța amaikidwabe momwemo, ndipo amene amapereka ndalama ya mtanda ndi mwana kapena mkazi wamasiye amene azidzawerenga mawuwo nthawi iliyonse akabwera kutchalitchi. Zikusiyana ndi ku Kramsach, m'dera la Tyrol ku Austria, kumene mitanda yachitsulo yakale ya mawu oseketsa inasonkhanitsidwa pamalo amodzi oonetsera alendo, popanda mtembo ndi umodzi womwe pansi pake. Kumeneko mawu analekanitsidwa ndi eni ake, ndipo chotsala n'kuseka kokha.

Pătraș anaikidwa m'manda omwewo, pansi pa mtanda wonena za moyo wake wovutikira kuyambira ubwana, ndipo nyumba yake inasanduka malo osungiramo ntchito zake. Wophunzira wake, Dumitru Pop, anapitiriza kusema ndi kulemba kwa zaka zoposa 40 m'bwalo lomwelo. Thabwa limawola ndipo utoto umasuluka ndi chisanu cha ku Maramureș, choncho mitanda yakale imafuna kupakidwanso kapena kusemedwanso, ndipo ntchitoyo imagwera amisiri a m'mudzimo pamodzi ndi mabanja a malemu.