Ndalama ya Chiphaso pa Msika wa Golomoti

Munthu wotsika mapiri a Dedza pa msewu wokhotakhota wochokera ku Masasa amafikira pa Golomoti, pomwe msewu wa pakati pa Balaka ndi Salima umakumana ndi wopita ku Monkey Bay. Pamenepa mayi aliyense woyala tomato kapena usipa amadula chiphaso cha pamsika, kawirikawiri asanagulitseko kanthu. Kandalama kameneka n'kochepa, koma mkangano wakuti mwini wake ndani udayamba agogo a ogulitsawa akadali ana.

Chidakuza Golomoti ndi njanji. Njanji yochokera ku Blantyre itafika ku Salima mu 1935, idadutsa m'chigwa chino cha thonje, ndipo monga zidaliri m'masiteshoni ena, pafupi pake padayamba kumera sitolo ndi malo ogulitsirapo zokolola. Pomwe pasonkhana malonda, boma silichedwa kufika ndi buku lake.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, mu 1933, boma la atsamunda lidali litakhazikitsa lamulo lopatsa mafumu akuluakulu, monga Kachindamoto wa ku Mtakataka, mphamvu yolamulira madera awo ndi kuweruza milandu. Pambuyo pake mafumuwa adapatsidwanso thumba la ndalama. M'thumbamo munkalowa gawo la msonkho wa nyumba, zindapusa za ku bwalo la milandu, ziphaso zosiyanasiyana ndi ndalama za m'misika; munkatuluka malipiro a alembi ndi amesenjala, ndi zokonzera zitsime ndi timisewu. Ubwino wake udali wakuti thumbalo lidali pafupi, ndipo wodandaula ankadziwa khomo lokagogoda. Komabe mfumu sinkamasula thumba mwa yokha. Ndondomeko ya chaka chonse inkayenera kuvomerezedwa ndi Bwana D.C. ku boma, ndipo wogulitsa, amene thukuta lake ndilo linkadzaza thumbalo, adalibe mpando pa zokambiranazo.

Lamulo la 1953 lidabweretsa makhonsolo a m'maboma, ndipo pang'onopang'ono misika idachoka m'manja mwa mafumu. Ndalama ya ku chigwa idayamba kukwera phiri. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mphamvu zambiri za makhonsolowo zidatengedwa ndi likulu. Kenaka m'zaka za m'ma 1970 amwenye adalamulidwa kuchoka kumidzi, ndipo pofika 1978 malonda awo adali m'mizinda ikuluikulu yokha. Sitolo zawo zidagulidwa ndi Amalawi, koma zambiri zidatsekedwa chifukwa chosowa mpamba, ndipo sitolo yotseka sidula laisensi.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidalonjeza kubwezera mphamvu ku anthu. Lidalola khonsolo kutolera ndalama za ziphaso, malaisensi ndi misonkho ya malo, ndipo makhansala osankhidwa ndiwo adayenera kuvomereza kagwiritsidwe ntchito kake. Makhansala adasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichidachitike kufikira 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi wodulitsa ziphaso sadaphonye tsiku, pomwe munthu wosankhidwa woti afunse za ndalamazo padalibe.

Kumaiko ena anthu adayesa njira ina. Mu 1970 eni sitolo a dera la Bloor West Village mu mzinda wa Toronto ku Canada, ataona kuti ogula akuthawira ku sitolo zikuluzikulu, adapempha okha kuti mzinda uziwadula msonkho woonjezera. Mzinda umatolera kwa wamalonda aliyense wa m'deralo, wofuna ndi wosafuna yemwe, koma ndalamayo imabwerera ku bungwe lotsogozedwa ndi amalondawo, ndipo siigwiritsidwa ntchito kunja kwa malire a dera lawo. Mayi wa usipa uja akadamva zimenezi akadafunsa chifukwa chake yake siibwerera chomwecho.

Pakuti pa misika ya kuno udindo udagawika pawiri. Khonsolo, yomwe kwa a Golomoti ili ku boma la Dedza, ndiyo imalemba ntchito mkulu wa msika ndi odulitsa ziphaso, ndipo zotoleredwazo zimalowa m'thumba la boma lonse, momwe malipiro a antchito amadikiranso. Ogulitsa nawo amasankha komiti yawo, yokhala ndi oimira a nsomba, a ndiwo zamasamba, a kaunjika ndi ena. Komitiyi ili ndi mawu koma ilibe kiyi wa thumba. N'chifukwa chake m'misika yambiri ya m'Malawi, zimbudzi zikadzaza kapena zinyalala zikaunjikana, ogulitsa amagwirizana zoleka kudula ziphaso kufikira akuluakulu a khonsolo atabwera kudzakambirana nawo.

Pambali pa chiphaso palinso kathumba kena komwe lamulo silikatchula. Mnzawo akaferedwa, kapena pakafunika mlonda woyang'anira katundu usiku, wapampando amayendetsa mbale benchi ndi benchi, mlembi nalemba maina m'kope, ndipo ndalamazo amaziwerengera pamaso pa amene asonkha.