Mmene Mtengo Unapezera Malo pa Maphunziro a Mainjiniya ndi Ojambula Nyumba

Mwa zinthu zonse zimene munthu amangira nyumba, mtengo ndiwo unayamba kumtumikira kalekale. Koma m'sukulu zaukachenjede za ku Ulaya, kumene aphunzira mainjiniya ndi ojambula mapulani a nyumba, mtengo womwewo unalowa mochedwa, chitsulo ndi konkire zitakhazikika kale. Nkhani ino ifotokoza chifukwa chake zinatero, ndi mmene mtengo unadzapezera malo pa maphunziro apamwamba.

Nthawi ya amisiri

Makedzana nzeru yomangira ndi mitengo inali m'manja ndi m'maso mwa amisiri. Ku England mnyamata ankaperekedwa kwa mmisiri wamkulu, nakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri, kuphunzira kusankha mtengo, kuusema ndi kuulumikiza ndi unzake. Ku Germany mnyamata wotere akatha maphunziro ake ankanyamula zipangizo zake nayenda zaka zitatu ndi tsiku limodzi, kugwira ntchito kwa amisiri a m'mizinda ina, kuti aone mamangidwe osiyana ndi a kwao.

Tisayese kuti anthu amenewa anali ochepa nzeru chifukwa sanalembe masamu ao. Pakati pa 1393 ndi 1399 mmisiri Hugh Herland anamanga denga la Westminster Hall mu London, lotambalala pafupifupi mamita 21, lopanda mzati ngakhale umodzi pakati pake. Denga limenelo lilipo kufikira lero. Koma nzeru yotere inali ndi chofooka chake: mmisiri ankadziwa kuti mtanda wakuti udzapirira, koma sankatha kuonetsa pa pepala kuti udzasenza katundu wolemera chotani.

Moto, simenti ndi chitsulo

Choyamba chimene chinatsitsa mtengo ndicho moto. M'chaka cha 1666 moto unapsereza nyumba zoposa 13,000 mu London, ndipo lamulo la 1667 linati nyumba zatsopano zimangidwe ndi njerwa kapena miyala. Chachiwiri chinali kubwera kwa zomangira zatsopano. Mu 1824 Joseph Aspdin wa ku Leeds analembetsa simenti yake yotchedwa Portland, ndipo mu 1856 Henry Bessemer anaonetsa njira yopangira chitsulo cholimba pa mtengo wotsika.

Nyengo yomweyo ndiyo imene sukulu za mainjiniya zinali kukula. Aphunzitsi a sukuluzo anakonda chitsulo pakuti chimamvera masamu: ndodo ziwiri zachitsulo zochokera m'ng'anjo imodzi zimalingana mphamvu, pamene matabwa awiri ochekedwa pa thunthu limodzi angasiyane kutali. Analipo ena amene anayesa kuika mtengo m'buku. Thomas Tredgold, amene anayamba monga wophunzira ukalipentala, anatulutsa buku lake Elementary Principles of Carpentry mu 1820, momwe analongosola mphamvu ya mitanda mwa masamu. Ngakhale zinatero, kwa zaka zambiri injiniya ankatuluka m'sukulu wodziwa chitsulo ndi konkire bwino lomwe, koma za mtengo atangomva pang'ono. Mtengo unasiyidwira akalipentala, monga chinthu cha madenga a nyumba zazing'ono.

Kubwerera kwa mtengo

Amene anatsegula njira yobwererayo analinso mmisiri. Mu 1906 Otto Hetzer, kalipentala wa ku Weimar m'dziko la Germany, analembetsa njira yomatira matabwa opyapyala ndi guluu, limodzi pamwamba pa linzake, kuti apange mtanda umodzi waukulu, ngakhale wokhota. Kuyambira pamenepo utali wa mtanda sunadalirenso utali wa mtengo m'nkhalango. Mu 1910 boma la America linatsegula Forest Products Laboratory ku Madison, mogwirizana ndi yunivesite ya Wisconsin, kumene akatswiri ankapinda ndi kuthyola matabwa ambirimbiri, nalemba mphamvu ya mtundu uliwonse. Tsono injiniya anapeza manambala oti awadalire.

Chinatsala ndi kuphunzitsa anthu. Mu 1978 sukulu yaukachenjede ya ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, inaika Julius Natterer kukhala mphunzitsi wamkulu wa mamangidwe a matabwa. Iye ankalimbikira kuti injiniya ndi wojambula nyumba aziphunzira pamodzi, ndi kuyamba ntchito pamodzi kuchokera pa mzere woyamba wa pulani. Ndipo anachita zomwe ankaphunzitsa, pakuti denga lalikulu lamatabwa la chionetsero cha Expo 2000 ku Hanover analikonza pamodzi ndi wojambula nyumba Thomas Herzog. Ku Finland, mu 1994, yunivesite ya zaluso ya ku Helsinki inayamba maphunziro a mamangidwe a matabwa, momwe ophunzira ankajambula nyumba yamatabwa, kenaka naimanga okha ndi manja ao. Chaka chomwecho Gerhard Schickhofer wa ku Graz, m'dziko la Austria, anatsiriza kafukufuku wake wa matabwa omatidwa mopingasana, amene pambuyo pake anatheketsa makoma ndi pansi pa nyumba zosanja kukhala zamatabwa.

Chifukwa chake wophunzira kale abwerera ku sukulu

Wina angafunse: munthu wokhala ndi digiri ya uinjiniya asowanso chiyani? Yankho lili m'chibadwa cha mtengo. Mtengo uli ndi mphamvu yaikulu motsata mitsempha yake, koma mopingasa ung'ambika msanga. Ukauma uchepa m'mimba mwake, koma m'litali mwake susintha kwenikweni. Chinyezi chikapitirira magawo 20 pa 100 kwa nthawi yaitali, uyamba kuola. Ndipo pa moto uchita zodabwitsa: mtanda waukulu upsa kunja kokha, pafupifupi masentimita 4 pa ola limodzi, makala ake natchinjiriza mtima wake, pamene chitsulo chosaphimbidwa chifewa ndi kupindika. Amene aphunzira chitsulo chokha sangazidziwe izi mwa kulota.

Kusadziwa kapena kusasamala zimenezi kumapha anthu. Pa 2 January 2006 denga lamatabwa la nyumba yamasewera ku Bad Reichenhall, m'dziko la Germany, linagwa chipale chofewa chitaunjikana pamwamba pake, ndipo anthu 15 anafa, ambiri a iwo ana. Ofufuza anapeza zolakwa m'masamu a dengalo, napezanso kuti guluu amene anamatira mitanda anali wosapirira chinyezi, ndipo anafooka pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 30.

Kumene maphunziro anazika mizu, zipatso zake zinaoneka. Mu 2019 ku Brumunddal, m'dziko la Norway, anatsiriza nyumba yamatabwa yotchedwa Mjøstårnet, yosanja ka 18, yaitali mamita 85. Maiko ambiri afunanso mtengo chifukwa kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 a mpweya wa carbon dioxide umene anthu atulutsa pa dziko lonse, pamene mtengo wodulidwa ungabzalidwe wina m'malo mwake.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa inu amene mudzaphunzitsa ana ntchito zamanja pamodzi ndi masamu. Mmisiri wopanda masamu anafika pa malire ake, ndipo injiniya wosagwirapo macheka anafikanso pa ake. Mtengo unakwera pamene awiriwa anakhala pa benchi limodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Potero mwana akamayesa thabwa ndi rula, musamuone ngati wasiya phunziro la masamu, pakuti ali m'kati mwake.