Mliri wa Kolona ndi Cakudya ca M'nyumba ku Degue

Makolo athu anati cakudza siciimba ng'oma. Mliri wa kolona, umene madokotala amaucha Covid-19, unafika motero m'caka ca 2020. Anthu ambiri anadwala, ena anamwalira. Koma m'nyumba zambiri za mumzinda wa Tete, funso loyamba linali la m'mimba: kodi akatitsekera m'nyumba, tidya ciyani? Tiyeni tione mmene anthu a ku Degue ndi a madera ena a Tete anapezera cakudya masiku amenewo, ndi cimene cinakweza mitengo.

Mmene mliri unafikira

Nthendayi inayamba kudziwika mumzinda wa Wuhan, ku China, mu Disembala 2019. Inafalikira msanga ndi anthu apaulendo. Pa 11 Malici 2020, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti uwu ndi mliri wa dziko lonse. Kuno ku Moçambique, munthu woyamba kupezeka ndi nthendayi anapezeka ku Maputo pa 22 Malici. Tsiku lotsatira masukulu onse anatsekedwa.

Pa 30 Malici, Filipe Nyusi, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, analengeza malamulo a nthawi yangozi, ochedwa Estado de Emergência. Malamulowo anayamba kugwira nchito pa 1 Epulo. Misonkhano ikuluikulu inaletsedwa. Malo omwera mowa anatsekedwa. Chapa iliyonse inayenera kunyamula anthu ocepa. Misika inayenera kutseka nthawi ya 5 koloko madzulo.

Maiko oyandikana nafe anacita zoposa pamenepa. South Africa anatsekera anthu m'nyumba kuyambira pa 27 Malici, ndipo Zimbabwe anatero pa 30 Malici. Ku Malawi boma linafuna kutseka dziko masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Ogulitsa m'misika anakana, ndipo bwalo lalikulu la milandu linaimitsa lamulolo pa 17 Epulo. Anthu anati: munthu wodya za tsiku lomwelo, mukamtsekera m'nyumba, afa ndi njala nthendayo isanamfike. Kuno kwathu anthu sanatsekeredwe m'nyumba, koma mantha oti mwina mawa atitsekera anali paliponse.

Cakudya ca ku Tete cimacokera kuti?

Mzinda wa Tete uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Ndi malo otentha kwambiri, ndipo mvula yake ndi yosadalirika. Degue ndi dera limodzi la mzindawu, cakumalire kwake. Mabanja ena kumeneko ali ndi kamunda, dimba kapena mbuzi zingapo. Komabe zakudya zambiri amacita kugula.

Cimanga, nyemba, mbatatesi ndi kabici zambiri zimatsika kucokera kumapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga. Kapenta ndi nsomba zouma za chicoa zimacokera ku nyanja ya Cahora Bassa. Mpunga wambiri umene timagula m'masitolo umalimidwa kutali, ku maiko a ku Asia, ndipo umafika pa sitima za pamadzi ku doko la Beira. Tirigu wopangira buledi nayenso ndi wocokera kunja. Zinthu zambiri za m'zitini ndi za m'mapaketi zimacokera ku South Africa. Katundu wina amalowa pa zipata za Zóbuè ndi Calómuè kumalire a Malawi, Cassacatiza kumalire a Zambia, ndi Cuchamano kumalire a Zimbabwe.

Cotero mphika umodzi wa ku Degue umadalira misewu yambiri. Pamene zipata zinatsekedwa kwa anthu apaulendo, malole onyamula katundu analoledwa kudutsabe, koma ankacedwa pa malire. Amene anavutika kwambiri ndi amalonda ang'onoang'ono, makamaka amai amene ankaoloka malire ndi mitolo pamutu kapena pa njinga. Malonda awo anaima.

Kugula mwamantha

M'mwezi wa Malici 2020, m'mizinda ikuluikulu monga London ndi Johannesburg, anthu anathamangira ku masitolo. Anagula ufa, mpunga, zam'zitini ndi mapepala a kucimbudzi, mpaka mashelefu anakhala opanda kanthu. Zithunzi zake zinafika kuno pa wailesi yakanema ndi pa mafoni. Amene anali ndi ndalama m'mizinda yathu anayamba kucita cimodzimodzi. Munthu wolandira malipiro pa mwezi ankatha kugula thumba la mpunga la makilo 25, cigubu ca mafuta ophikira, shuga, mcere ndi sopo wa miyezi iwiri.

Kodi kugula kotere kumacita ciyani pa msika? Tiyerekeze motere. Wogulitsa ali ndi matumba 20 a ufa, ndipo sabata iliyonse mabanja 20 amagula thumba limodzi limodzi. Onse amakwanira. Tsiku lina mabanja 5 acita mantha, ndipo banja lililonse lagula matumba 4. Ufa watha. Mabanja 15 abwerera cimanjamanja, ngakhale kuti ufa umene unabwera ndi womwewo wa masiku onse. Mabanja 15 aja akauza anzawo kuti ufa wasowa. Mawa lake anthu afika ambiri, ndipo wogulitsa akweza mtengo. Mantha abala kusowa, kusowako kwabalanso mantha ena.

Maiko nawo anacita ngati mabanja 5 aja. Kumapeto kwa Malici 2020, Vietnam anayamba waimitsa kugulitsa mpunga kunja. Russia anaika malire pa tirigu wotuluka m'dziko mwake kuyambira Epulo mpaka Juni. Ndalama yathunso inacepa mphamvu. Kumayambiriro kwa 2020 dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi mametikali pafupifupi 62, koma pakutha kwa caka inafika pafupifupi 75. Ndalama ikacepa mphamvu, cinthu ciliconse cocokera kunja cimakwera mtengo.

Zinthu zimene zinasowadi masiku oyamba ndi mankhwala opaka m'manja ndi zophimba kukamwa ndi mphuno za m'mafamasi. Apa atelala anathandiza kwambiri: anasoka zophimba kukamwa ndi nsalu ya kapulana, ndipo anthu ankazicapa ndi kuzivalanso. Mandimu, jinja ndi adyo zinakweranso mtengo, cifukwa kunamveka mphekesera yoti zimaciza kolona. Zinthu zimenezi ndi zakudya zabwino, koma siziciza nthendayi. Bungwe la boma loyendera malonda la INAE linkayenda m'masitolo ndi m'misika kufufuza okweza mitengo mwakuba.

Amene sanathe kusunga

Anthu ambiri a ku Degue sakadatha kugula za miyezi iwiri. Iwo amagula ufa wa pa mbale, mafuta oyeza pa kabotolo, kamulu ka tomato ndi ka makala. Ndalama ya lero imagula cakudya ca lero. Anthu otere ndi aganyu, onyamula anthu pa njinga ndi pa njinga yamoto, omanga nyumba, ochapa ndi kusesa m'nyumba za eni, ndi amai ogulitsa mandasi pa cipata ca sukulu.

Sukulu zitatsekedwa, wogulitsa mandasi anasowa omgula. Malo omwera atatsekedwa, wowocha nyama anasowa malonda. Mabanja amene ankalandira ndalama kucokera kwa ana awo a ku Joni anadikira osalandira kanthu, pakuti anawo analinso pa ulova, ndipo ambiri anabwerera kumudzi. Ku msika wa Kwachena ndi misika ina ya mumzinda cakudya cinalipo. Cimene cinasowa m'nyumba zambiri ndi ndalama yocigulira. Mabanja ena anacepetsa kudya, ena anagulitsa mbuzi kapena nkhuku, ena anakongola kwa wasitolo.

Boma, kudzera ku bungwe la INAS, linakonza zopereka mametikali 1,500 pa mwezi kwa miyezi 6 kwa mabanja osauka a m'mizinda. Thandizolo linacedwa kufika, ndipo si onse osowa amene analilandira.

Mwai umodzi unalipo. Mliri unafika kumapeto kwa Malici, pafupi ndi nthawi yokolola. Ukadafika mu Januwale kapena Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, mavuto akadakula koposa. Amene anali ndi munda anadya zao. Amene anali ndi abale kumudzi analandira thumba la cimanga kapena la nyemba lotumizidwa pa lole. Mwana wa m'tauni amene kale ankatumiza sopo ndi shuga kwa makolo ake, tsopano ndiye anadyetsedwa ndi makolowo. Apa mwambi uja unaoneka kuti ndi woona, wakuti kupatsa n'kuika.

Akuluakulu anakumbuka zakale

Aka sikanali koyamba kuti mliri kapena kusowa kwa zinthu kufike m'dera lino. M'caka ca 1918 kunagwa mliri wa cimfine umene unapha anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lonse. Kuno kumwera kwa Africa unalowera m'madoko, n'kufalikira ndi sitima za pamtunda ndi anthu obwerera kucokera ku migodi.

Agogo athu amakumbukiranso zaka za 1983 ndi 1984. Kunali cilala ndi nkhondo pamodzi. Njala inapha anthu ambiri m'cigawo ca Tete, ndipo ena anathawira ku Zimbabwe ndi ku Malawi. M'masitolo munalibe kanthu. Anthu ankalawirira kukaima pa mzere, umene ankaucha bicha, kudikira sopo, shuga kapena mcere. Amene anali ndi katundu ankamubisa ndi kumugulitsa mwamseri pa mtengo wokwera, malonda ochedwa kandonga. Mu 1992 kunagwanso cilala cacikulu, ndipo anthu anapulumukira cimanga cacikasu ca thandizo.

Zaka zimenezo katundu kunalibiretu: ngakhale wandalama ankagona ndi njala. Mu 2020 katundu analipo, koma wosauka sanathe kumufikira. N'cifukwa cake akuluakulu amene anaona bicha ankalangiza ana awo kuti asataye kamunda, ngakhale atapeza nchito m'tauni.

Mmene mliri unathera

Malamulo a nthawi yangozi anapitirira mpaka kumapeto kwa Julayi 2020, ndipo anabwereranso mu Ogasiti. Pa 7 Seputembala boma linawafewetsa pang'ono, koma nthendayo inali isanathe. Inakula kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale 2021, ndiponso mu Juni ndi Julayi caka comweco, pamene ku Tete kunadwala anthu ambiri. Katemera anayamba kuperekedwa m'dziko muno pa 8 Malici 2021. Pa 5 Meyi 2023, bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi ya dziko lonse, ngakhale kuti nthendayo ikadalipo.

Pakati pa zonsezi, mu Januwale 2022, mphepo yamkuntho yochedwa Ana inadzaza mtsinje wa Revúbuè, ndipo mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Anthu anaonanso kuti njira ya cakudya ingatsekeke tsiku lililonse, kaya ndi nthenda, kaya ndi madzi.

Kusunga kwanzeru

Kugula mwamantha kumacitika zinthu zitavuta kale, mitengo itakwera, ndipo kumalanda mnzako cakudya. Kusunga kwanzeru kumayamba nthawi yokolola, zinthu zili zochipa, ndipo sikulanda munthu aliyense. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Ankamanga nkhokwe. Ankafutsa masamba a nyemba, a khobwe ndi a maungu, n'kusunga mfutsowo m'zikwatu. Ankayanika cinangwa kuti cikhale makaka. Ankasunga masau ouma ndi malambe. M'madera otentha ankalima mapira ndi mcewere, mbeu zopirira dzuwa.

Ifenso tingacite zomwezo. Tisanagulitse cimanga, tiyambe tawerenga anthu a m'nyumba mwathu ndi miyezi yotsala kufika pa kukolola kwina. Amene amagulitsa zonse mu Meyi pa mtengo wotsika, amagulanso cimanga comweco mu Januwale pa mtengo wokwera. Cimanga ciume bwino cisanalowe m'thumba, pakuti cacinyezi cimacita cuku, ndipo cuku cimadwalitsa. Matumba osalowa mpweya amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Matumba asakhale pansi penipeni kapena kutsamira khoma. Tiwaike pa mitengo. Mbeu ya caka camawa isungidwe payokha. Amene alibe munda angasunge pang'onopang'ono mcere, sopo ndi nyemba zouma, kapena kulowa gulu losunga ndalama ndi anansi ake, kuti tsiku loipa likafika akhale ndi pokongola.

Mutu umodzi susenza denga. Mabanja amene anapirira bwino mu 2020 ndi amene anali ndi kenakake m'nkhokwe ndiponso abale ndi anansi ogawana nao.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'nyumba mwanu munasowa ciyani m'caka ca 2020? Cinasowa pa msika, kapena munasowa ndalama?
2. Chulani zakudya zitatu zimene mumadya zocokera kutali, ndi zitatu zocokera m'dera lanu lomwe.
3. Banja lina limadya thumba limodzi la cimanga pa mwezi. Lakolola matumba 15 mu Meyi. Lingagulitse matumba angati kuti lisagone ndi njala mpaka Epulo?
4. Kodi m'mudzi mwanu mungathandizane bwanji msewu utatsekeka mwezi wathunthu?