Msonkho wa pamutu ndi msonkho wa pamunda

Asilamu atayamba kulamulira Iraq, Syria ndi Egypt m'nthawi ya Khalifa Umar bin Khattab, zidali zodziwika kuti woyenera kukhoma msonkho ndani. Msilamu amene chuma chake chidakwana nisaab ankapereka zakaat. Mwamuna wamkulu wosakhala Msilamu ankapereka jizya, msonkho wa pamutu, ndipo boma linkamuteteza. Amayi, ana, akhungu ndi osauka sankawerengedwa. Padalinso kharaj, msonkho wa minda ya m'maiko amenewo.

Vuto lidabuka alimi ambiri atayamba kulowa Chisilamu. Wotamula shahada ankayenera kufufutidwa m'kaundula wa jizya, ena ankasiya minda n'kusamukira ku Basra ndi ku Kufa, ndipo thumba la boma lidayamba kupepuka. Hajjaj bin Yusuf, bwanamkubwa wa Iraq kuyambira 694 mpaka 714, adawabweza kumidzi kwawo n'kupitiriza kuwakhometsa monga kale. Munthu ankaswali pamzere umodzi ndi Mwarabu, koma pamaso pa wokhometsa msonkho adali asanalowe Chisilamu.

Umar bin Abdul Aziz, Khalifa kuyambira 717 mpaka 720, adalamula kuti wolowa Chisilamu, kaya ndi wa mtundu wanji, asaperekenso jizya. Ku Khurasan, bwanamkubwa Jarrah bin Abdullah adakayikira kuti ambiri akungothawa msonkho, ndipo adafuna kuti aziyamba aonedwa ngati adadulidwa. Khalifa adakana, nanena kuti Mtumiki (SAW) adatumidwa kudzaitanira anthu kwa Allah, osati kudzawadula. Koma minda ya kharaj sadaimasule, poti adaiona ngati chuma cha Asilamu onse, a lero ndi obadwa mawa. Apa ndipo padachokera mfundo imene maulama adaikhazikitsa pambuyo pake: jizya imatsata munthu, kharaj imatsata nthaka, kaya wolimayo ndi Msilamu kapena ayi.

Iye atamwalira, abwanamkubwa ena adabwerera ku zakale. Tabari adalemba kuti Nasr bin Sayyar, pokonza kaundula wa ku Merv cha mu 739, adapeza Asilamu 30,000 akukhomabe jizya pamene osakhala Asilamu 80,000 adali atachotsedwamo. Adakonzadi, koma madzi adali atafika kale m'khosi. Mu 747 ku Khurasan komweko kudabuka kuukira, ndipo mu 750 ufumu wa Banu Umayya udagwa. Mwa amene adanyamula zida mudali ambiri a mitundu imene idalowa Chisilamu koma osaonedwa ngati abale pa nkhani ya msonkho.