Kusweka kwa nsupa: momwe achipatala amadziwira kuti madzi akutulukawo ndi a mwana

Mwana akakhala m'mimba amasambira m'kathumba kodzaza ndi madzi kamene timakatcha nsupa. Kathumbaka kamatchinga tizilombo toyambitsa matenda kuti tisamufike. Kawirikawiri nsupa imasweka zowawa za pobereka zitayamba kale. Koma mwa amayi 100 alionse amene mimba yawo yakwana masiku, pafupifupi 8 nsupa imasweka zowawa zisanayambe. Ena ochepa imasweka mimba isanakwane masabata 37.

Nsupa ikasweka, njira yopita kwa mwana imakhala yotseguka. Nthawi ikamapita, mpata woti tizilombo tilowe m'chiberekero umakulirakulira. N'chifukwa chake kudziwa msanga kuti yasweka n'kofunika.

Ndi nsupa, mkodzo kapena chikazi?

Madzi akatuluka ambiri nthawi imodzi mpaka kunyowetsa chitenje, palibe amakayika. Vuto limakhalapo nsupa ikangobooka pang'ono, madzi n'kumadontha. Mimba ikakula, mkodzo umatha kuthawa mayi akatsokomola kapena kuseka, ndipo chikazi chimachuluka.

Madzi a nsupa amakhala oyera ngati madzi akumwa kapena otuwa pang'ono, ndipo sanunkha ngati mkodzo. Sungawagwire monga ugwirira mkodzo. Amapitirira kutuluka, makamaka mayi akadzuka pamene anagona. Chikazi chimakhala cholimbirako komanso chonanda.

Zizindikirozi sizokwanira kuti mutsimikize muli kunyumba. Valani padi kapena kansalu koyera, sungani m'mutu nthawi imene madzi anayamba ndi mtundu wake, tengani buku lanu la sikelo, ndipo pitani kuchipatala ngakhale simukumva kupweteka kulikonse.

Kuchipatala amayeza bwanji?

Namwino kapena dokotala amayamba ndi mafunso: madzi anayamba nthawi yanji, ndi ochuluka bwanji, mimba ili ndi masabata angati, mwana akusewera kapena ayi. Amaonanso padi ija, kuyeza kutentha kwa thupi ndi kumvetsera mtima wa mwana.

Kenako mayi amagona chagada, ndipo amamuika kachipangizo kowiritsidwa bwino kotchedwa speculum kuti aone khomo la chiberekero. Akaona madzi atadikha m'njira yoberekera, kapena akutuluka pakhomopo mayi akatsokomola, ndiye kuti nsupa yasweka. Nthawi zambiri umboni umenewu ndi wokwanira.

Ngati sizikuoneka bwino, pali njira zina malinga ndi zipangizo zimene chipatala chili nazo:

Kapepala ka nitrazine. Ndi kachikasu, koma kakakhudza madzi a nsupa kamasanduka kabuluu. Magazi, umuna ndi matenda ena a m'njira yoberekera amathanso kukasintha mtundu, choncho musabise ngati mwagonana posachedwapa.

Maikulosikopu. Amapaka dontho la madziwo pa kagalasi n'kuliumitsa. Madzi a nsupa akauma amasiya chithunzi chonga nthenga.

Sikani. Imaonetsa ngati madzi achepa m'chiberekero. Payokha siitsimikiza, chifukwa pali zinthu zinanso zimene zimachepetsa madziwo.

M'zipatala zina mulinso timayeso tachangu monga AmniSure ndi Actim PROM, tomwe timafufuza mapuloteni opezeka ochuluka m'madzi a nsupa.

Bwanji sapima ndi zala?

Ngati zowawa sizinayambe, achipatala amapewa kupima ndi zala chifukwa kumakankhira tizilombo m'kati. Musaone ngati sakukusamalani. Lamulo lomweli ligwirenso ntchito kunyumba: musalowetse zala kapena mankhwala azitsamba, musagonane, ndipo musalole wina aliyense kukupimani.

Zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche

Thamangirani kuchipatala ngati madzi ndi obiriwira, akuda kapena onunkha, ngati mukutaya magazi, thupi latentha, mwana wasiya kusewera, kapena chingwe cha mchombo chatsogola kutuluka. Madzi obiriwira amasonyeza kuti mwana wachita chimbudzi m'mimba, ndipo mwina akuvutika.

Zikatsimikizika

Ngati masiku akwana, amayi ambiri zowawa zimayamba zokha pasanathe maola 24, ndipo zikachedwa achipatala amaziyambitsa ndi mankhwala. Ngati masiku sanakwane, mayi amagonekedwa m'chipatala n'kupatsidwa mankhwala opha tizilombo monga erythromycin. Mimba ikakhala pakati pa masabata 24 ndi 34, amabayidwanso jakisoni wa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana.

Mukayezedwa n'kupezeka kuti unali mkodzo chabe, musachite manyazi. Madzi akadzatulukanso, bwereraninso kuchipatala tsiku lomwelo.